Nkhokwe ya chimanga yomwe inasanduka nyumba ya zaluso ku Cape Town

Mayi wina wa kwathu konkuno, yemwe pano amagwira ntchito m'lesitilanti ina ku V&A Waterfront mumzinda wa Cape Town, wanditumizira imelo. Akuti tsiku lililonse amadutsa pa chinyumba chachitali chakonkire chotchedwa Zeitz MOCAA, nyumba yoonetseramo zaluso za masiku ano za mu Africa, ndipo mwana wawo wa kusekondale wakhala akuwaumiriza kuti akalowemo. Akufuna kudziwa kuti m'katimo muli zotani, chinayamba bwanji, komanso ngati munthu wamba angalowemo osaoneka ngati wasochera.

Mayi, pitani ndithu, ndipo mwanayo musamusiye. Koma mantha anuwo ali ndi maziko, ndipo ndifikapo.

Chinyumba mukuchionacho chinali nkhokwe. Anamaliza kuchimanga mu 1924 kuti azisungamo chimanga chomwe sitima zapamtunda zinkabweretsa kuchokera m'minda ya kumtunda, podikira kuti chikwezedwe m'sitima zapamadzi kupita kunja. Chinatalika mamita 57, ndipo kwa zaka zambiri kunalibe nyumba yoposa imeneyi kumwera konse kwa chipululu cha Sahara. Chinasiya kugwira ntchito mu 2001, n'kungokhala chafumbi pamene malo ochizungulira ankadzaza ndi masitolo komanso mahotela.

Atati achisandutse nyumba yosungiramo zaluso, vuto linali loti mbali yaikulu ya nkhokweyo ndi migolo yakonkire 42, italiitali, yoimirira mothithikana. Munthu angapachike bwanji chithunzi mumgolo? Katswiri wojambula mapulani wa ku London, Thomas Heatherwick, anakana kugumula zonse. Iye ndi anzake anatenga maonekedwe a njere imodzi ya chimanga, n'kuwakuza kwambiri, kenako amisiri anadula migolo ya pakati motsatira maonekedwe amenewo. Ndiye mukangolowa mumapezeka m'chimphako chachikulu, migolo yodulidwa ili yasaa pamwamba panu, kuwala kukutsika kuchokera kudenga, zikepe zikukwera m'kati mwa migolo ina. Ine ndimaona kuti malo amenewa paokha ndi okwanira kulipirira ulendo, ndipo nthawi zina amaphimba ngakhale zaluso zomwe anthu abwerera. Ntchito yonse inadya ndalama zokwana R500 miliyoni, ndipo zitseko zinatsegulidwa pa 22 Seputembala 2017. Mawindo otukumuka omwe mumawaona pamwamba penipeni ndi a hotela yodula. Imeneyo ndi bizinesi ina, musaisokoneze ndi nyumba ya zalusoyo.

Dzina loti Zeitz ndi la Jochen Zeitz, Mjeremani yemwe anatsogolerapo kampani ya nsapato ndi zovala zamasewera ya Puma. Anagula zaluso zambiri za anthu a mu Africa, ndipo anazibwereketsa kwa nthawi yaitali kuti zikhale poyambira. Apa ndi pomwe panabuka mkangano. Anthu anafunsa kuti nyumba yomwe akuti ndi ya zaluso za Africa ingakhale bwanji ndi dzina la Mjeremani, pulani ya Mngelezi, mtsogoleri mzungu, n'kumangidwanso pamalo a anthu andalama, kutali ndi madera okhala anthu wamba ngati Khayelitsha kapena Gugulethu. Mtsogoleri woyambayo, Mark Coetzee, anachoka mu 2018 pomwe khalidwe lake pantchito linkafufuzidwa. Choncho mukamaona ngati malowo sanamangire inu, dziwani kuti akatswiri a zaluso a mu South Africa momwemo anadandaulaponso chimodzimodzi.

Zinthu zinatembenuka mu 2019 atabwera mayi Koyo Kouoh, wobadwira ku Cameroon, wokulira ku Switzerland, yemwe anali atayambitsa kale malo a zaluso otchedwa RAW Material Company ku Dakar. Mayiyu anasiya zongodzaza zipinda ndi katundu wa bambo Zeitz. Anayamba kupatsa waluso mmodzi malo aakulu kuti anthu aone ntchito yake kuyambira pomwe anayambira, monga anachitira ndi Tracey Rose wa ku South Africa mu 2022. Koma chomwe ndikufuna mumve inu ndi cha 2020, atatsegulanso mliri wa Covid-19 utagwa mphamvu pang'ono. Anaitana anthu onse a mu Cape Town kuti abweretse zojambula zawo, kaya ndi katswiri, mwana wa sukulu, kapena gogo woluka. Zinabwera pafupifupi 2,000, ndipo anazipachika m'zipinda zomwe zija mumapachikidwa ntchito za anthu otchuka. Chionetserocho anachitcha Home Is Where the Art Is. Chakumapeto kwa 2022 kunabwera When We See Us, zithunzi zopenta pafupifupi 200 zosonyeza momwe anthu akuda akhala akudzijambulira okha kwa zaka 100: akuvina, akupemphera, akupuma, akukondana. Tinazolowera kujambulidwa tili ndi njala kapena pankhondo, ndiye kuona chipinda pambuyo pa chipinda cha anthu akuda ongokhala phee ndi moyo wawo kunali kwachilendo. Chionetserochi chinakafika mpaka ku Basel, mzinda wa ku Switzerland. Mu Disembala 2024 mayi Kouoh anasankhidwa kutsogolera chionetsero chachikulu cha zaluso cha 2026 cha ku Venice m'dziko la Italy, mayi woyamba wa mu Africa kupatsidwa udindowu, koma anamwalira mu Meyi 2025 asanaione ntchitoyo.

Tsono m'katimo mukaona chiyani? Musakayembekezere ziboliboli za njovu ndi mvuu ngati zogulitsira alendo ku Greenmarket Square. Nyumbayi imasunga ndi kuonetsa ntchito za aluso a masiku ano, makamaka kuyambira chaka cha 2000, ochokera mu Africa ndi a mbumba ya Africa okhala maiko ena. Zionetsero zimasinthasintha, kotero zomwe ena anaona chaka chatha mwina simukazipeza. Kuti mukhale ndi chithunzi, potsegulira mu 2017 anapachika m'chimphako chija chilombo chachikulu chamapiko cha Nicholas Hlobo, chosokedwa ndi machubu a matayala ndi maliboni. Nandipha Mntambo anaonetsa matupi a amayi oumbidwa ndi zikopa za ng'ombe, ndipo Kudzanai Chiurai wa ku Zimbabwe anabwera ndi zithunzi zonyoza atsogoleri okonda mpando. Mu 2019 William Kentridge, waluso wotchuka wa ku South Africa, anadzaza nyumbayo ndi zojambula zamakala, zina zosandutsidwa makanema. Ntchito za mnzathu Samson Kambalu zinaonetsedwaponso pamenepo. Ameneyu ndi uja amapanga timakanema tifupitifupi totengera nzeru za nyau, yemwenso chiboliboli chake cha John Chilembwe atavala chipewa chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022.

Zina mukaziona simukazimvetsa, ndipo zina zikakunyansani. Palibe cholakwika. Werengani mawu olembedwa pakhoma, funsani ogwira ntchito, ndipo chikakukanikani pitirirani. Muli nsanja zisanu ndi zinayi, palibe amene amamaliza zonse ndi mutu wabwino. Dziwaninso kuti zionetsero zina zimakhala ndi maliseche kapena nkhanza, choncho funsani pakhomo musanalowe ndi mwana m'chipinda chilichonse.

Kupatula zionetsero, ali ndi nthambi yophunzitsa zaluso yomwe imalandira magulu a ana a sukulu ndi kuchititsa maphunziro ojambula. Amapatsanso waluso chipinda choti azigwiriramo ntchito kwa miyezi ingapo anthu akuonerera, ndipo mogwirizana ndi University of the Western Cape amaphunzitsa achinyamata a m'maiko a mu Africa ntchito yoyendetsa nyumba zotere. Ngati mwana wanu ali ndi dzanja lojambula, nthambi yophunzitsayo ndi yomwe mukafunse poyamba.

Za ndalama: ana osakwana zaka 18 amalowa ulere. Nzika za maiko a mu Africa zakhala zikulowa ulere Lachitatu kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 1 koloko masana, bola muonetse chiphaso, ndipo pasipoti ya Malawi ndi yokwanira. Masiku ena tikiti ya munthu wamkulu ndi yowawa kwa wolandira malipiro a m'lesitilanti. Apa ndiye sindiwayamikira, chifukwa Lachitatu m'mawa wantchito ali kuntchito, mwana ali m'kalasi. Kwa inu njira ndi kudikira tchuthi cha sukulu, n'kupempha abwana kuti Lachitatu lina mulowe ntchito masana. Yang'anani kaye pa tsamba lawo la intaneti dzulo lake kuti mutsimikize maola, ndipo mukafike 10 koloko isanakwane, mzere usanatalike.