Siliva sanaikidwemo kuti mtengo utsike

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake amasakaniza siliva ndi chitsulo cha palladium mu catalyst (chinthu chofulumizitsa kusintha kwa mankhwala) yochotsera gasi wa acetylene mu gasi wa ethylene, chonsecho siliva payekha sachita hydrogenation (kuwonjezera hydrogen ku molekyu) yooneka, ndipo mukuganiza kuti mwina n'kupulumutsa ndalama. Si zimenezo. Palladium amene amaikamo ndi wochepa kale, sakwana gramu imodzi pa kilogalamu ya catalyst. Siliva amabwera kudzamufooketsa palladium, ndipo amachita dala.

Ethylene wopangira majumbo ndi zigubu za pulasitiki amachokera mu steam cracker, momwe ethane kapena naphtha amatenthetsedwa kupitirira madigiri 800. Limodzi naye amatuluka acetylene pang'ono, cha m'ma 1 peresenti. Ndi gasi yemwe uja amene owotcherera zitsulo amapeza akathira madzi pa kabaidi. Kachepechepe kameneka kamawononga catalyst ya Ziegler-Natta yopangira pulasitiki wa polyethylene, choncho amayenera kutsitsidwa mpaka ma ppm osakwana 5, kutanthauza magawo osakwana 5 pa miliyoni. Njira yake n'kumupatsa ma atomu awiri a hydrogen kuti nayenso asanduke ethylene. Vuto lili apa: ethylene amalandiranso hydrogen n'kukhala ethane, ndipo mu paipimo ndiye wadzaza, kuchuluka kwake kuposa acetylene maulendo makumimakumi. Mukufuna kutola mwala umodzi mu mpunga osataya mpungawo.

Palladium ndi katswiri pong'amba H2, molekyu ya hydrogen ya ma atomu awiri, koma ali yekha ngwaumbombo. Acetylene akadali wambiri zinthu zimayenda, chifukwa iye amamatira mwamphamvu n'kulanda malo onse. Akangochepa, ethylene amapeza mpata. Pamene ma atomu a palladium ali moyandikana atatu kapena anayi, molekyu imagwiridwa mbali zingapo, imakhalitsa, n'kulandira hydrogen wina. Palladium amamwanso hydrogen kulowa m'kati mwake n'kupanga hydride, ndipo hydrogen wam'katiyu akamatuluka sasankha. Pamalo otakasuka omwewo ma acetylene amalumikizana okhaokha n'kupanga mafuta aja amawatcha green oil, amene amaphimba catalyst. Musaiwale kuti hydrogenation imatulutsa kutentha. Ethylene wambiri akayamba kusanduka ethane, reactor (thanki momwe izi zimachitikira) imatentha, kutenthako kumafulumizitsa reaction, ndipo zimatha kuthawa m'manja. Ogwira ntchito pa fakitale amaopa chimenechi kuposa kutaya ethylene.

Tsono siliva akalowa amakhala pakati pa ma atomu a palladium n'kuwabalalitsa. Mlendo ukamuyalira mphasa amagona. Ukamupatsa kampando amakhala pang'ono n'kutsanzika. Acetylene amagwirabe pa palladium mmodzi kapena awiri chifukwa mphamvu ali nayo, koma akasanduka ethylene kugwira kwake kumachepa, ndipo amanyamuka asanalandire hydrogen wachiwiri uja. M'mabuku mukapeza akutcha ensemble effect. Palinso electronic effect: siliva amasintha ma electron a palladium woyandikana naye moti kumatirako kumafooka. Hydride nayo imachepa. Akatswiri amakangana kuti chachikulu ndi chiti pakati pa ensemble effect ndi electronic effect. Ine ndimaona kuti pa mayeso mutchule zonse, koma muyambe ndi kubalalitsako, chifukwa n'kumene kumafotokozanso kuchepa kwa green oil.

Izi zili ndi kuipa kwake. Catalyst ya palladium ndi siliva (Pd-Ag) ndi yaulesi poyerekeza ndi palladium yekha, ndipo siliva akachuluka n'kuphimba pamwamba pa nanoparticle (kachidutswa kakang'ono kwambiri ka zitsulozi), ntchito imaima. N'chifukwa chake tizidutswato amatipanga ting'onoting'ono, ma nanomita owerengeka, kuti ma atomu ambiri akhale kunja. Amatiikanso m'kachikopa kopyapyala kunja kwa timibulu ta alumina, zomwe amati eggshell, kuti ethylene asasochere m'timabowo ta m'kati n'kukumana ndi palladium kambirimbiri.

Nzeru yofooketsa palladium si yatsopano. Herbert Lindlar wa ku Hoffmann-La Roche, ku Basel, anafalitsa yake mu 1952: palladium pa calcium carbonate, wothiridwa mtovu, kawirikawiri ndi quinoline, ndipo inathandiza popanga vitamini A. Mtovu ndi poizoni, n'chifukwa chake anthu akusakabe zina. Mu 2008 gulu la Jens Nørskov ku Denmark linawerengetsa pa kompyuta n'kuloza nickel ndi zinc, zitsulo zotchipa. Mu 2012 gulu la Charles Sykes ku Tufts University linaonetsa kuti atomu imodzi ya palladium yozunguliridwa ndi mkuwa imang'amba H2, hydrogen n'kufalikira pa mkuwapo kumene reaction imachitika mosankha. Apa ndiye nkhani ya ndalama imalowa moona, poti palladium wochuluka amakumbidwa ku Russia ndi ku South Africa, wina ku Great Dyke ya ku Zimbabwe, ndipo mtengo wake sukhazikika.

Mukamawerenga mapepala a kafukufuku pa project yanuyo, musatengeke ndi selectivity (luso la catalyst losankha acetylene n'kusiya ethylene) yokwera yolembedwa mu abstract, chidule cha pepalalo. Onani ngati anayesa muli ethylene wochuluka ngati mmene zilili ku fakitale, ndiponso ngati nambalayo anaitenga acetylene atatsala pang'ono kutheratu. Acetylene akadali wambiri, ngakhale palladium wopanda siliva amaoneka waulemu.