Mafunso a Owerenga: Kodi Ndigule Ngolo ya Tenti Yogwiritsidwapo Kale Ntchito?

FUNSO

Akonzi, ndine Mmalawi wokhala ku Pretoria pamodzi ndi mayi a kunyumba ndi ana athu atatu. Pa Facebook ndaona munthu akugulitsa ngolo yogonamo pa ulendo, ija imakhala yopindika poyenda koma ukafika n'kuitsegula mumatuluka tenti ndi mabedi. Mtengo wake ndi wotsika, ndipo mwini wake akuti nditumizeko dipoziti msanga chifukwa pali ena amene akuifuna. Cholinga changa n'choti mu Disembala tidzapite nayo kumudzi, kenako tikagoneko kunyanja ku Cape Maclear. Galimoto yanga ndi Toyota Corolla. Kodi ndiyang'ane chiyani ndisanalipire?

Bambo wa ana atatu, Pretoria

YANKHO

Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Poyamba, musatumize ndalama iliyonse musanaione ngoloyo ndi maso anu, chifukwa mawu akuti pali ena akuifuna amanenedwa ndi ogulitsa oona mtima komanso ndi akuba amene alibe n'komwe ngolo, ndipo pa foni simungathe kuwasiyanitsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Panganani tsiku loti mukafike kunyumba kwake dzuwa likuswa mtengo, ndipo mumuuziretu kuti mukufuna mukaipeze ili yopinda kuti mukaitsegule nokha iye akukulangizani. Wogulitsa amene wakonzeratu zonse inu musanafike, tenti itaimikidwa kale ndi mabedi atayalidwa bwino, nthawi zina amakhala akubisa kuti denga limavuta kukwera kapena kuti zitsulo zolichirikiza zinafooka. Mukamaikweza nokha mudzamva ngati mbali ina ikulemera kuposa inzake, ngati pena pakukakamira, ndiponso mudzadziwa ngati ntchitoyi mungaithe muli awiri ndi mayi mutafika usiku mutatopa.

Chimene chimapha ngolo za mtundu uwu ndi madzi, ndipo apa m'pamene ndikufuna mutaye nthawi yanu yambiri. Pansi pake ndi pa mabedi nthawi zambiri pamakhala matabwa a plywood, ndipo madzi akalowa pang'onopang'ono kwa zaka zingapo matabwawo amaola kuchokera mkati pomwe pamwamba pakuoneka bwinobwino. Mukangotsegula, imani kaye n'kununkhiza musanayambe kucheza. Fungo la chinyezi kapena la chuku silibisika, ndipo mukamva fungo lamphamvu la mankhwala onunkhiritsa m'nyumba, dzifunseni chimene chachititsa mwini wake kuthira mankhwalawo m'mawa wa tsiku lomwelo. Chotsani matilesi onse muone kunsi kwake. Pondani paliponse mwamphamvu, makamaka m'makona, pakhomo, ndi pamwamba pa matayala pamene madzi a mumsewu amathovukira. Pamene pakutobwanyika kapena kulowa pansi ngakhale pang'ono, dziwani kuti thabwa linatha. Kenako gonani chagada pansi pa ngoloyo ndi tochi ndi sikuludiraiva, mubaye matabwa mofatsa ndi kugogoda zitsulo za chassis, zimene zimanyamula ngolo yonse. Dzimbiri la pamwamba lochoka ndi bulashi lisakuopseni, koma chitsulo chimene chikusuwa zidutswazidutswa, kapena ming'alu pamene anawotcherera chitsulo chokokera, ndi chifukwa chokwanira chobwerera kwanu ndalama zili m'thumba.

Lona wa tenti muyang'ane muli mkati masana, mutatseka khomo ndi mawindo onse, pakuti kuwala kumaulula timabowo ndi misoko imene yayamba kumasuka. Timadontho takuda tambirimbiri timasonyeza kuti tentiyo inkapindidwa ili yonyowa, ndipo lona wotere amang'ambika mosavuta ngakhale atachapidwa. Tsegulani ndi kutseka zipi iliyonse mpaka kumapeto, ndipo musanyozere neti za m'mawindo, popeza kunyanja mu Disembala udzudzu umachuluka ndipo ana okulira ku Pretoria sanazolowere malungo. Ndikulangizaninso kupempha paipi ya madzi kuti wina athire pa denga ndi m'misoko kwa mphindi zingapo inu muli mkati. Mwina mungachite manyazi kupempha zotere pakhomo pa eni, koma mukupita kumudzi nthawi ya dzinja, ndipo mvula ya ku Mangochi idzachita zomwezo ana ali m'tulo. Zipi imodzi kapena msoko umodzi amakonza osoka matenti pa mtengo wabwino, pamene kusoketsa lona yense watsopano kungathe kudya ndalama zoyandikira mtengo wa ngolo yeniyeniyo, choncho funsani mtengo kwa osoka musanayambe kunenerera.

Za matayala anthu ambiri amanyengeka nazo, chifukwa ngolo imayenda kangapo kokha pa chaka ndipo matayala ake amaoneka atsopano ngakhale mphira utauma kalekale. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi otsiriza pambuyo pa zilembo za DOT: mwachitsanzo 2318 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Tayala lopitirira zaka 5 kapena 6 muliwerengere kuti mudzagula lina, osaiwala la sipeya. Kwezani mbali imodzi ndi jeke, zungulitsani tayala mukumvetsera, kenako muligwedeze ndi manja awiri. Phokoso lokhulukuta kapena kugwedera zikusonyeza kuti mabering'i, tizitsulo tothandiza tayala kuzungulira, atha. Ngakhale atamveka bwino, ine ndingakuuzeni kuti makaniko awatsegule ndi kuikamo girisi watsopano musananyamuke, ndipo mutenge ena apadera, chifukwa ulendo wodzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza umaposa makilomita 1,500, ndipo kutentha kwa ku Tete sikuchitira chifundo chitsulo chouma. Lumikizani pulagi ya magetsi ku galimoto yanu muone ngati nyale za mabuleki ndi zokhotera zikuyaka. Ngati muli chitofu cha gasi, pakani madzi a sopo m'malo olumikizira paipi muone ngati pakutuluka thovu, ndipo paipi yosweka muisinthe. Komanso musadzaphikire kapena kuyatsa mbaula mu tenti yotseka, pakuti mpweya wake umapha anthu ali m'tulo.

Tsopano nkhani ya Corolla yanu. Pa ngolo iliyonse pamakhala kachitsulo kolembedwa GVM, kutanthauza kulemera kwake konse itadzaza katundu, ndipo malamulo a ku South Africa amayang'ana nambala imeneyi, osati mmene ngoloyo ikupepukira ili yopanda kanthu. Laisensi ya Code B imakulolani kukoka ngolo yosapitirira makilogalamu 750. Yoposa pamenepo imafuna Code EB ndiponso iyenera kukhala ndi mabuleki akeake. Palinso lamulo lina limene ambiri salidziwa, loti ngolo yopanda mabuleki isalemere kuposa theka la kulemera kwa galimoto yoikoka ili yopanda katundu, ndipo kulemera kwa galimotoko kwalembedwa pa disiki ya laisensi ya pagalasi lanu. Kwa galimoto yaing'ono ngati yanu theka limenelo silifika 750, kotero ngolo imene laisensi yanu ikulola ingathe kukhalabe yolemera kwa galimotoyo ngati ilibe mabuleki. Onaninso m'buku la galimoto malire amene opanga anaika, ndipo mukumbukire kuti m'galimotomo mudzakhala anthu asanu pamodzi ndi katundu wa achibale amene tonse tikudziwa kuti sakanika kunyamula mu Disembala. Ngolo zolemera za m'tchire monga za Conqueror kapena Echo zinapangidwira magalimoto akuluakulu. Inu yang'anani zopepuka.

Pa mapepala musanyengerere. Nambala yozindikiritsa ngoloyo, yotchedwa VIN, imene ili pa chassis ifanane ndi ya pa satifiketi yolembetsera ndi pa disiki, ndipo dzina la pa satifiketiyo likhale la munthu amene akukugulitsaniyo, mutaona chitupa chake. Akanena kuti mapepala anatayika kapena ali ndi mchimwene wake, musagule, chifukwa ngolo yopanda mapepala simudzaoloka nayo malire ngakhale amodzi. Wogulitsa adzaze fomu yosintha umwini, inu mukalembetse m'dzina lanu pasanathe masiku 21, ndipo mugwirizane poyera kuti ndani alipire zoyezetsa za roadworthy, zotsimikiza kuti ngoloyo ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Onetsetsaninso kuti laisensi yake sinathe, popeza ngongole ya m'mbuyo ingachedwetse kulembetsa kwanu.

Pa malire ngolo imawerengedwa payokha ngati galimoto yachiwiri, choncho imafuna mapepala akeake olowera kwa kanthawi ndiponso inshulansi yake, ndipo ndalama zolipira pa zipata zimakwera. Ku Zimbabwe amafuna chizindikiro cha T chonyezimira pa ngolo, pamene ku Mozambique amafuna chizindikiro cha makona atatu cha buluu ndi chikasu kutsogolo kwa galimoto yokoka ndi kumbuyo kwa ngolo. Zonsezi zimagulitsidwa m'masitolo a zipangizo za galimoto ku South Africa komweko, ndipo n'zotsika mtengo poyerekeza ndi chindapusa cha pamsewu. Ku Mwanza kapena ku Dedza akuluakulu a MRA adzakupatsani chilolezo cholowa nayo kwa kanthawi pa mgwirizano woti mudzatulukanso nayo. Ngati m'mtima mwanu muli maganizo oti mudzaisiye kumudzi kapena kuigulitsa kwa wina wa malo ogona alendo kunyanja, nenani zimenezo pa malire pomwepo ndipo mukonzekere kulipira msonkho, apo ayi mudzavutika potuluka ndi galimoto yokha pamene mapepala akusonyeza kuti munalowa ndi zinthu ziwiri.

Ikapambana mayeso onsewa ndipo mwaigula, pitani nayo kaye ndi banja lonse ku malo ena ogona apafupi ndi Pretoria kwa usiku umodzi kapena uwiri kudakali miyezi, kuti muphunzire kubwerera nayo m'mbuyo ndi kulongedza katundu wolemera pafupi ndi ekiselo, ndiponso kuti chosowa chilichonse chionekere pamene sitolo ili pafupi. Ku Cape Maclear mvula ikadzakukakamizani kupinda tenti ili yonyowa, mudzaitsegulenso pamalo oyamba amene mudzapeze dzuwa kuti iume, osadikira mpaka mutabwerera ku Pretoria.