Mets igula osewera, koma chikho chibwera?

Funso: Akonzi, ndimakhala ku New York, ine ndi alamu anga timasapota Mets pa baseball. Sizoni ikangotha basi mkangano, iwo akangomva kuti timu yagula munthu amati chikho ndi chathu, ine ndimati tisadzinamize. Akulondola ndani?

Yankho: Achimwene, ine ndili mbali yanu, koma alamuwo musawaseke kwambiri. Mu Disembala 2023 Dodgers inasainitsa Shohei Ohtani pa madola 700 miliyoni, chaka chotsatira cha 2024 inatenga World Series, chikho chachikulu cha baseball ku America, pogonjetsa Yankees. Ndiye ndalama nthawi zina zimagwira ntchito.

Koma Mets yanuyo bwanji? Inapatsa Juan Soto 765 miliyoni kwa zaka 15, anthu kuvina ngati chikho chafika kale, 2025 timu inayamba bwinobwino kenako kuphwa, ma playoffs osalowa olo Soto yemweyo anamenya bwino. Sizoni ndi magemu 162, munthu mmodzi sangasenze timu, ndipo oponya mpira akayamba kuvulala zonse zimasokonekera. Alamuwo akabweranso ndi nkhani ya wogulidwa watsopano, afunseni kaye kuti oponya odalirika alipo angati.