Dzina la zilembo 22: tilembe bwanji Muckanaghederdauhaulia m'Chichewa?

Aphunzitsi ena a ku Dedza afunsa kuti: "Ndikukonzera ana mafunso a mpikisano ndipo ndapeza dzina la malo ena a ku Ireland, Muckanaghederdauhaulia. Kodi ndilisinthe kalembedwe kuti limveke Chichewa, monga timachitira ndi mawu obwereka? Nanga malowo ndinene kuti ndi boma?"

Aphunzitsi, dzinali lisiyeni mmene lilili. Timasintha kalembedwe ka mawu amene alowa m'kamwa mwathu tsiku ndi tsiku, monga sukulu, buledi ndi kompyuta. Dzina la malo akutali ndi la eni ake, ndipo mwana akafuna kulifufuza pa mapu kapena pa intaneti, salipeza ngati mwaliwonjezera mavawelo. Chimene mungachite ndi kumuthandiza kutchula. Lidulenidule pa bolodi m'zigawo zinayi: Muckanagh, eder, dau, haulia. Zilembo zake ndi 9, 4, 3 ndi 6, zonse pamodzi 22. Ana amapunthwa pa "ck", amene ndi k mmodzi basi, ndi pa "gh", amene pafupifupi samveka. Akanena kuti "Makana-eda-do-holiya" ayandikira ndithu. Mzere ukakutherani dzina lisanathe, dulani pa malire a zigawo zomwezi.

Zigawozo sizongopeka. Dzinali silinali liwu limodzi, ndi mawu anayi a chiyankhulo cha Irish: Muiceanach idir Dhá Sháile. Muc ndi nkhumba, idir ndi "pakati pa", dhá ndi "ziwiri", sáile ndi madzi amchere a m'nyanja. M'chiyankhulocho liwu lobwera pambuyo pa dhá limafewa poyambira, choncho sáile amasanduka sháile n'kumatchulidwa ndi h. Ndiko kunachokera "haulia". Olemba m'Chingerezi analemba zimene khutu linamva, n'kumata mawu onse pamodzi. Ifenso tinaziona: Thyolo inkalembedwa Cholo, Nkhotakota inkalembedwa Kota Kota. Malowa ali m'dera la Connemara, kumene anthu akuyankhulabe Irish, ndipo kuyambira mu 2005 mayina ovomerezeka ndi boma m'madera otere ndi a Irish okha. Mukalemba la Irish, chenjezani ana kuti "ch" wa kumapeto kwa Muiceanach si wathu wa mu "chala", amatulukira kukhosi.

Pa mawu oti boma, ayi. Boma kwathu ndi dera ngati Dedza, lokhala ndi ofesi ya DC ndi mafumu ambiri. Kumeneko chofananako ndi boma ndi County Galway. Muckanaghederdauhaulia ndi townland, kagawo kakang'ono kwambiri pa kagawidwe ka malo ku Ireland, ndipo timagawo totere tilipo toposa 60,000. Aka n'kokwana maekala pafupifupi 470, m'mphepete mwa chigawo cha nyanja yamchere chotchedwa Camus Bay. Nenani "mudzi" kapena "kadera". Ine ndingasankhe "kadera", chifukwa mudzi umachititsa Mchewa kuganiza za nyakwawa, pomwe kumeneko kulibe.

Wina wofuna kulemba kalata wafunsanso: "Dzinali likuyamba ndi Mu. Kodi ndiwonjezerenso ku? Sikukhala kubwereza?"

Wonjezerani. Mu ameneyu si wathu uja wa "mumtsinje", ndi chiyambi cha liwu lakuti muc. Timanena kuti "ku Mulanje" popanda kudandaula, choncho ndi "ku Muckanaghederdauhaulia". Ku alembedwe payekha chifukwa chotsatira ndi dzina la malo loyamba ndi chilembo chachikulu. Amamatidwa pa mawu wamba okha, monga kumunda ndi kudambo. Musalembe "kwa", amene ndi wa malo otchulidwa dzina la munthu kapena mfumu, ngati kwa Kachere. Pa kugwirizana kwa mawu, njira yosavuta ndi kutsogoza liwu lathu kuti lilamulire chiganizo: "kadera ka Muckanaghederdauhaulia kali kumadzulo kwa Galway", kapena "mudzi wa Muckanaghederdauhaulia uli m'mbali mwa nyanja". Mukayamba ndi dzina lokhalo mudzavutika kusankha pakati pa ali, uli ndi ili.

Nanga tanthauzo lake m'Chichewa? Pali misampha iwiri. Woyamba ndi liwu loti nyanja. Tikati "pakati pa nyanja ziwiri", wa ku Mangochi aganiza za madzi akumwa a nyanja ya Malawi ndi Malombe, pomwe sáile ndi madzi amchere. Mawu oti "amchere" asasowepo. Komanso si nyanja zikuluzikulu ziwiri, ndi malo awiri amene nyanja yalowerera kumtunda. Wachiwiri ndi Muiceanach. Ena amamasulira kuti malo a nkhumba kapena dambo la nkhumba, ena amati ndi mtunda wooneka ngati msana wa nkhumba. Musalembe "khola", chifukwa khola ndi chomanga cha mitengo kuseri kwa nyumba, pomwe dzinali likunena za malo. Pa mpikisano wa ana, yankho loti "dambo la nkhumba la pakati pa madzi amchere a mbali ziwiri" lilandiridwe, ndipo wonena za msana wa nkhumba mumupatsenso malikisi ake.