Akuti ali mu kampu basi, nanga bwanji foni sayankha?

FUNSO: Asajeni, amuna anga ali ku Birao ku Central African Republic ndi gulu la asilikali athu a UN. Ponyamuka anati ndisade nkhawa iwo sapita ku patrol, ntchito yawo ndi ya ku sitolo mu kampu momwemo. Koma ndikatumiza meseji pa WhatsApp amayankha mawa lake, mwina mpaka mkuja, ati ndinali bize. Bize ndi chani munthu wongokhala mu kampu? Anzanga ku msika akuti apezako wina. Komanso ndimamva kuti UN imalipira ndalama zambiri koma ine zomwe ndimaona sizifika pamenepo. Mayi wa ana atatu, Chilenje.

YANKHO: Alamu, anzanu a ku msikawo sanapondeko mu kampu, asiyeni azigulitsa tomato wawo. Munthu wa ku sitolo, kosungira katundu wa asilikali, ndi amene amagona mochedwa kuposa onse, wa patrol akabwerako amavula nsapato nkupuma koma uyu ayi.

Birao ili kumpoto chakum'mawa kwenikweni, chigawo cha Vakaga, kufupi ndi malire a Sudan ndi Chad, ndipo anyamata athu a ku Zambia ali kumeneko kuyambira 2015 pansi pa MINUSCA, gulu la UN losungitsa mtendere m'dzikolo. Kulibe magetsi a ZESCO, kulibe mpopi wa kampani ya madzi, chilichonse mumadzipangira nokha. Mvula ikayamba misewu imasanduka matope miyezi ndithu, malole sadutsa, katundu amadalira ndege kuchokera ku Bangui, likulu la dzikolo, ndiye ndege ikalephera kubwera sabata imeneyo amene amatuluka thukuta ndi amuna anuwo chifukwa anthu mazanamazana akufuna nsima madzulo ndipo sangawauze kuti dikirani.

Kum'mawa kusanache bwino munthu ali kale pa thanki ya dizilo, kuviika ndodo yoyezera, kupukuta, kuviikanso, nkulemba m'buku malita atsala. Dizilo ameneyo ndi amene amayendetsa majenereta, ndipo jenereta ikazima ndiye kuti wailesi za ku ops room, chipinda choyendetsera ntchito za asilikali, zazima, pampu ya madzi yaima, kontena yozizira muli nkhuku ndi nyama yayamba kutentha, furiji ya mankhwala ku kiliniki chimodzimodzi. Kutentha kwa kumeneko nyama sichedwa kununkha. Akachoka apo kuli madzi, a pa borehole kuthira chlorine, kuyeza, kudzaza bauza, thanki yonyamulira madzi. Kenako resheni, matayala, mabatire, maneti a udzudzu popeza malungo kumeneko si masewera, zimbudzi nazo zimafuna munthu woziyang'anira ngakhale palibe amene amazitchula akabwera pa holide. Usiku angathenso kumuika pa duty, u sitolo sumuchotsa pa roster.

China chomwe anthu sadziwa, pakapita miyezi itatu iliyonse a UN amabwera kudzayendera katundu yense amene dziko linabweretsa, galimoto iliyonse ailize, jenereta iliyonse aione ikugwira, chifukwa chinthu chakufa salipira. Sabata ya inspection imeneyo ngakhale mayi ake omubala atamuimbira sayankha.

Za ndalama, zomwe munamvazo ndi zoona koma theka. Kuyambira 2018 UN inkapereka madola 1,428 pa msilikali mmodzi pa mwezi, kenako anakwezako pang'ono, koma ndalamazo zimapita ku boma osati m'thumba mwa msilikali, boma ndi lomwe limakonza alawansi yake motsata malamulo ake. Ndiye musamawerengere madola amenewo pokonza bajeti ya sukulu. Afunseni bwinobwino kuti imalowa zingati, liti, mu akaunti iti, ameneyo ndi ufulu wanu ndipo mwamuna wanzeru sabisa.

Pa foni pano ndikudzudzulaniko pang'ono onse awiri. Iwo nawo kulemba kuti ndili bwino sikutenga ola, auzeni choncho. Inu dziwani kuti netiweki kumeneko imabwera nkupita ndipo intaneti ya mu kampu amalimbirana anthu ambiri, video call iwalani, tumizani ma voice note afupiafupi ana alankhulemo, akatsitsa netiweki ikapezeka. Nthawi yawo ili kumbuyo ndi ola limodzi, kuno ikakhala 20 koloko kwawo ndi 19. Panganani tsiku limodzi, ambiri amapezako mpata Sande masana akatuluka ku mapemphero. Kukagwa zadzidzidzi monga matenda aakulu kapena maliro musadikire WhatsApp, pitani ku ofesi ya unit yawo ku barracks, iwo ali ndi njira zawo zofikitsira uthenga msanga.