Mungatumikire ngakhale m'thumba muli mbee

Achemwali, mwafunsa kuti mungathandize bwanji anzanu monga Mkhristu pomwe inunso ndalama zikukuvutani. Funso lanu landikhudza, chifukwa ambirife timaganiza kuti chifundo n'kupisa dzanja m'thumba basi.

Kumbukirani Dorika wa ku Yopa, pa Machitidwe 9. Atamwalira, amayi amasiye anaonetsa Petro zovala zimene iye ankasoka ali moyo, akulira. Ankatumikira ndi manja ake.

Kwathu kuli agogo ena, ana awo onse ali kutauni. Wina amawatungira madzi kumjigo, wina amawapitira kuchigayo, anyamata amawafolera nyumba mvula isanagwe. Ine ndimapita Loweruka kukawachapira, kenako timakhala pakhonde n'kumacheza. Ndaona kuti machezawo amawasangalatsa kuposa sopo amene ndimawatengera, poti kusungulumwa kumapweteka zedi.

Kuchipatalanso, wodikirira wodwala amatopa koopsa. Mukamulandira usiku umodzi wokha kuti akapume kunyumba, mwamupepuza kwambiri.

Koma chonde, anthu amene mukuwathandizawo musawajambule n'kuwaika pa Facebook. Amalandira chifukwa chosowa, koma mumtima zimawachititsa manyazi.