Yankho kwa aphunzitsi a ku Bangula: musafomate laputopu, mafayilo akhoza kubwerera

Aphunzitsi, pepani ndi zimene zakuonekeranizi. Mwalemba kuti mafayilo a Excel a malikisi a ophunzira anu akukana kutseguka, ena akuonetsa 0 KB, Google Drive ya pa laputopu mukaidina siyikudzuka, ndipo wina wakulangizani kuti mungofomata. Chonde musafomate, ndipo pulogalamuyo musaichotse kaye. Mavuto anuwa ndi awiri, ndipo ofunika kuyamba nawo ndi mafayilo, chifukwa iwo ali ndi masiku owerengeka. Pulogalamu ikhoza kudikira ngakhale mwezi.

Ambiri timaganiza kuti chinthu chikalowa mu Drive ndiye kuti chatetezeka. Koma ntchito imene Drive ya pa laputopu imagwira, yotchedwa sync, ndi kungoonetsetsa kuti zili pa laputopu zikufanana ndi zili pa intaneti. Ili ngati wakabaza: thumba limene mwamukwezera ndi limene akafikitse, kaya chimanga chake ndi chabwino kaya chofumbwa. Laputopu ikazima pamene Excel ikusunga fayilo, fayiloyo imalembedwa theka, kapena imatsala dzina lokha. Netiweki ikabwera, Drive imanyamula chowonongekacho n'kukachiika pamwamba pa chabwino chija. Kwathu kuno zimenezi n'zosavuta kuchitika. Malaputopu ambiri batire inatha kalekale, amayendera tchaja, ndiye magetsi akangothima nayonso yazima. Onjezanipo kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, kumene kumapitirira madigiri 40, fani itadzaza fumbi, laputopu itakhazikidwa pa matiresi. Imazima yokha kuti isapse.

Ndiye chitani izi lero. Lowani pa drive.google.com pa Chrome, bwino pa kompyuta ina, ndipo laputopu yanuyo ikhale kaye yosalumikizidwa ku intaneti. Pezani fayilo yowonongekayo, muidine ndi batani lakumanja, musankhe File information, kenako Manage versions. Google imasunga makope akale a fayilo ya Excel, Word kapena PDF kwa masiku 30, kapena mpaka makopewo atafika 100, kenako akale amafufutika okha. Masikuwo sakuwerengedwa kuyambira lero pamene mwazindikira vutoli ayi, anayamba kale kutha, n'chifukwa chake ndikukufulumizitsani. Yang'anani kope la tsiku limene mukukumbukira kuti zonse zinali bwino, mulitsitse, mulitsegule, muone ngati malikisi alimo. Ngati alimo, lipatseni dzina lina, muliike pa fulashi, ndipo pa Drive pomwepo musankhe Keep forever kuti lisafufutike. Mafayilo amene asoweratu kawayang'aneni mu Trash, namonso zinthu zimakhala masiku 30.

Kope labwino likasowa, yang'anani kukula kwa fayilo. Ya 0 KB ilibe kanthu m'kati, palibe chokonza, ndipo musalole munthu kukudyerani ndalama kuti ali ndi pulogalamu yoidzutsa. Imene ikuonetsa kukula kwake, monga 40 KB kapena 200 KB, chiyembekezo chilipo. Tsegulani Excel yokha, pitani pa File, Open, Browse, sankhani fayiloyo, ndipo m'malo modina Open dinani kamuvi kali pambali pake musankhe Open and Repair. Repair ikakanika yesani Extract Data, imene imatulutsa manambala ngakhale mizere ndi mitundu itatayika. Nthawi zina Google Sheets imatsegula fayilo imene Excel yaikana. Zonsezi muzichita pa kope, osati pa fayilo yeniyeniyo. Kumbukiraninso ngati munatumizirapo ahedi kapena mnzanu malikisiwo pa WhatsApp kapena Gmail, poti kumeneko kumapezeka kope limene mwini munaliiwala.

Yang'ananinso maina a mafayilo. Ngati onse asintha nthawi imodzi, kumapeto kwa dzina kwabwera zilembo zachilendo, ndipo mufoda mwapezeka kalata yofuna ndalama, ameneyo ndi vayirasi wotseka mafayilo. Musalipire, laputopuyo isakhudze intaneti mpaka itatsukidwa, ndipo makope akale a pa Drive aja ndiwo akupulumutseni. Vayirasi amene timatenga kawirikawiri ndi fulashi kokapulintitsa ndi wina, uja amasandutsa mafoda kukhala ma shortcut. Iye amangobisa mafayilo, sawawononga.

Tsopano pulogalamu. Musanaigwire, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe %LOCALAPPDATA%\Google n'kudina Enter. Muona foda yotchedwa DriveFS. Ikopereni yonse pa fulashi. M'menemo Drive imasungiramo ntchito imene munalemba netiweki kulibe ndipo sinakwere pa intaneti. Malangizo ambiri a pa intaneti amati fufutani fodayi, ndipo n'zoona kuti pulogalamu imadzuka, koma amalembera anthu amene intaneti yawo siduka. Kwa ife amene bandulo imatha pakati pa sabata, m'fodamo mukhoza kukhala ntchito ya masiku angapo imene kulibe kwina.

Mukatero, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke. Mukapeza Google Drive pamndandandawo, dinani End task, muzimitse laputopu n'kuyatsanso. Nthawi zambiri pulogalamu imakhala inadzuka kale koma yakakamira kuseri, ndiye kuidinanso sikuthandiza.

Ikakanabe, onani tsiku ndi nthawi pakona ya sikirini. Laputopu zakale zili ndi kabatire kakang'ono m'kati kosunga nthawi. Kakatha, tsiku limabwerera zaka zam'mbuyo, ndipo Google imakana kulumikizana ndi kompyuta ya tsiku lolakwika. Onaninso ngati disiki C yadzaza mpaka mzere wake wafiira. Akaunti nayonso imadzaza: ma 15 GB aulere aja amagawana Drive, Gmail ndi Google Photos, moti zithunzi ndi mavidiyo ochokera pafoni amatha kudya malo onse, mafayilo n'kusiya kukwera.

Chimene ndikuchikayikira kwambiri kwa inu ndi msinkhu wa Windows. Kuyambira mu Ogasiti 2023, Google inasiya kuthandiza Drive ya pa kompyuta pa Windows 8, 8.1 ndi Windows iliyonse ya 32-bit, ndipo Windows 7 nayo inasiyidwa. Pulogalamu yakale ija ya Backup and Sync inatsekedwa mu 2021. Malaputopu a kaunjika ambiri adakali pamenepo, ndipo ngati yanu ili choncho, kuikanso pulogalamu n'kungotaya bandulo. Ngati muli pa Windows 10 kapena 11 ya 64-bit, sinthani dzina la foda ija kuti ikhale DriveFS.old, mutsegulenso Drive, mulowetse akaunti yanu. Zikakanika pamenepo m'pamene mungaichotse n'kutsitsa yatsopano, kuchokera patsamba la Google lokha. Ndi yaikulu ndithu, choncho dikirani bandulo ya usiku kapena mukatsitsire pamene netiweki ili yolimba.

Maganizo anga ndi akuti pa ntchito ngati yanuyi sync si yofunika kwenikweni. Mafayilo a malikisi ndi aang'ono. Kuwakweza nokha pa Chrome Lachisanu lililonse, dzina lili ndi tsiku, monga malikisi 14 Novembala, kumadya bandulo yochepa, ndipo fayilo yowonongeka singafufute yabwino chifukwa maina ndi osiyana. Kope lina likhale pa fulashi yomangidwa m'pulasitiki, yosungidwa malo ena osati m'chikwama chimodzi ndi laputopu. Tinaona ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 mmene madzi amalowera m'nyumba ndi m'makalasi kuno ku Nsanje ndi Chikwawa.

Mukayesa, tumizani pano chithunzi cha zimene Manage versions ikuonetsa, ndi china cha Settings, System, About kuti tione Windows yanu. Maina a ophunzira ndi imelo yanu muphimbe musanatumize, ndipo aliyense wokutsatirani ku inbox kuti mumupatse pasiwedi akukonzereni, mukaneni.